Buku Lomwe Linabwera ndi Minibasi

Chaka chimene migodi inkagulitsidwa, ku Chifubu, komboni yathu ya mu Ndola, aliyense anali wapolisi wa mnzake. Ukagula mpando watsopano, anthu ankafuna kudziwa kuti wapereka ndani nsembe. Ukanenepa ankati ukudya chiyani pomwe anzako akugonera madzi, ndipo ukaonda ankangoyang'anana n'kuyamba kukuwerengera miyezi. Mafakitale a mu Ndola ankatseka limodzilimodzi. Amuna amene tinazolowera kuwaona akuthamangira basi m'mawa tsopano ankakhala pakhonde atavala malaya ositidwa bwino, akuyang'ana aliyense wodutsa ndi thumba la pulasitiki kuti aone zili m'katimo. Ine sindikudzichotsamo ayi. Maso ndinali nawo, ndipo ndinkawagwiritsa ntchito.

Ineyo ndinkasunga mafayelo mu ofesi ya kampani ina yogulitsa zitsulo ku migodi, mpaka tsiku limene tinapeza loko watsopano pageti. Amuna anga anali kalaliki ku mgodi ku Kitwe, kunyumba ankabwera Loweruka. Atawadula ntchito anabwereratu, ndi sutikesi, ndi mtima wapachala, ndiponso udindo watsopano ku tchalitchi chathu cha Pentekosite, komwe anawasankha kukhala dikoni poti nthawi tsopano anali nayo. Ndalama zomwe anawatsanzika nazo anagulira minibasi yakale yochokera ku Japan, monga ankachitira aliyense amene anali ndi nzeru kapena amene ankaganiza kuti ali nazo.

M'nyumbamo tinalinso ndi mlongo wanga, mzime wa amayi. Anali atapitirira zaka makumi awiri, ndevu zilipo ndithu, koma kwina kopita analibe. Makolo onse anali atatisiya, ndipo kumudzi kwathu ku Katete iye ankakudziwa pa maliro basi. Chinyanja chake chomwe chinali chosakaniza ndi Chibemba moti azakhali kumeneko ankamuseka akangotsegula pakamwa. Munthuyo anabadwa wofewa. Poyenda ankaponda ngati wasenza beseni lodzaza madzi, polankhula manja ankatsogola mawu, poseka ankaphimba pakamwa. Tsitsi langa ankaluka ndi iyeyo, ndipo akazi a ku saluni ankandifunsa kuti ndalukitsa kuti. Ntchito yake yeniyeni inali kuphunzitsa layinapu, gulu lija la anyamata ndi atsikana limene limalowa likuvina patsogolo pa mkwati ndi mkwatibwi. Ntchito imeneyi ndi ya amayi, amatroni, koma amatroni a ku Chifubu akamuona akuwongola sitepe ankangokhala pansi n'kumusiyira.

Anthu ankalankhula, nanga akanaleka bwanji. Tili ana ndinamenyapo anyamata angapo chifukwa cha iye, mmodzi ndinamuchotsa dzino ndipo mpaka lero sindinapepese. Koma titakula nanenso ndinkamuyang'ana cham'mbali. Akachedwa kubwera ndinkanunkhiza malaya ake pochapa. Mtsikana akabwera kudzamufuna ndinkasangalala n'kutereka tiyi, kenako n'kupeza kuti wabwera kudzalukitsa. Sindinamufunsepo kanthu. Funso lina ukalifunsa uyenera kukhala ndi poika yankho lake, ndipo ine m'nyumba ya zipinda ziwiri ija malo otero ndinalibe.

Amuna anga anayesa kumusandutsa kondakitala. Sizinapite patali. Anzake pa siteshoni ankakuwa ngati akuthamangitsa mbala, iye n'kumaima pakhomo la basi akuti, "Tauni mukwai, malo alipo," ngati akuitanira alendo ku tiyi. Makaponya, anyamata aja okokera anthu m'mabasi, anayamba kutsanzira kayendedwe kake, siteshoni yonse n'kufa nalo phwete. Amuna anga anabwera nkhope itagwa, nati mlamu wawoyo azingotsuka galimotoyo ikabwera, asaonekenso pa siteshoni. Kuyambira tsiku limenelo mawu akuti Katete anayamba kumveka m'nyumba mwathu, poyamba ngati nthabwala. Ankati kumudzi kuli minda yosowa olima, kumudzi munthu amalimba. Ine ndinkaseka nawo, koma ndinkadziwa kuti amuna anga nthabwala alibe.

Potsuka m'minibasimo ndi momwe mlongo wanga anapezera bukulo, litapanikizika pansi pa mpando wakumbuyo pamodzi ndi ambulera yothyoka ndi kathaulo. Linali lonenepa, la zithunzi zojambula pamanja, zakuda ndi zoyera, mawu ake ali m'timabwalo ndi zilembo zomwe palibe wa ife akanaziwerenga. Chikuto cha mitundu chinali kumbuyo, ndipo tinangoti kodi a ku Japan nawonso amalakwitsa. Munali anyamata a malupanga, maso aakulu ngati sosala. Koma iye sanabwere nalo kukhitchini chifukwa cha malupanga. Anatsegula tsamba lina n'kundiyandikizira kumaso ine ndikusadzula chibwabwa, ndiwo ya masamba a maungu.

Panali munthu wamtali, tsitsi lofika m'chiuno, milomo yopaka, nsidze zojambula, malaya a malesi pakhosi ndi m'manja, nsapato za gogoda, duwa pakati pa zala. Ankaseka ataika kumbuyo kwa dzanja pakamwa, kachala kakang'ono kali njo. Ndinati mayiyu kutalika bwanji.

"Si mayi, asisi," iye anatero. "Taonani pakhosi. Taonani pachifuwa."

Ndinaona. Anali mwamuna, wa minofu yake ndithu, lupanga lili m'chiuno. Ndinayang'ana chithunzicho, ndinayang'ana mlongo wanga, ndipo mtima unandiuza kuti buku ili litibweretsera mlandu. Nanga kuseka kumeneko ndinali kukuona koyamba? Ndinkakuona tsiku lililonse patebulo panga. Chinandidabwitsa n'choti munthu wina kutali konseko anakhala pansi ndi cholembera n'kujambula mwamuna wotere, osati pakona ya tsamba ngati chinthu chochititsa manyazi, koma tsamba lonse lathunthu lili lake. Ndinadzifunsa kuti wojambulayo ankafuna chiyani, chifukwa masiku amenewo sindinkakhulupirira kuti munthu angachite kanthu popanda chomwe akufuna.

Mlongo wanga anandifotokozera nkhani yonse, iye wosadziwa chilembo ngakhale chimodzi. Masamba oyamba munthuyo wagona pansi, magazi okhaokha, anthu amuzungulira akulira. Kenako waima, mikondo ili kumsana, atakumbatira kamnyamata. Kenako mikondo palibe, akumenyana ndi gulu lonse yekha, tsitsi likuuluka. Chakumapeto anthu akumuloza zala ndi kumuseka, koma iye alibe nazo ntchito, ndipo tsamba lomaliza waima pamwamba pa mpanda, duwa kumanja, akuseka kuposa onsewo. Pena nkhani inkadumpha, koma tinkati n'chifukwa choti mawu sitikuwamva. Mlongo wanga anati ndiye kuti anamumenya n'kumusiya akuyesa wafa, koma anadzuka. Mawu akuti anadzuka anawabwereza, maso akuwala, ndipo ine ndinamuuza kuti achotse bukulo pafupi ndi ndiwo.

Kuchokera pamenepo munthu anasintha, osati mobisa ayi. Anapita ku salaula, kumsika kwa zovala zakale zochokera kunja, n'kugula bulauzi ya malesi. Anaimasula manja n'kuisokanso pa makina a neba kuti imukwane mapewa. Analeka kumeta. Msana unawongoka. Makaponya akamutsanzira panjira, m'malo mowerama monga kale ankaima, n'kuika dzanja pakamwa, n'kuwaseka mokweza mpaka iwo kusowa chochita. Zimenezi theka zinkandikondweretsa, theka zinkandiopsa. Ndiye lipisitiki yanga inayamba kusowa tsiku lathunthu n'kubwerera pamalo pake itafupika. Mundikhululukire, woyamba kumuganizira anali amuna anga. Ndinati dikoni ameneyu wapeza kamtsikana ku siteshoni ndipo akukabwereka zanga zomwe, moti kwa masiku angapo ndinkawapatsa madzi osamba ozizira iwo osadziwa mlandu wawo.

Zoona zake ndinaziona pa ukwati wina ku komboni ya Nkwazi. Holo itadzaza nyimbo inayamba, chitseko n'kutseguka, ndipo patsogolo pa layinapu panali mlongo wanga, yemwe nthawi zonse ankangoima pambali kuwomba m'manja. Malesi pakhosi, duwa la pulasitiki m'zala, milomo ili ndi mtundu womwe ndinauzindikira poti ndinagula ndine. Anavina, abale. Ndanena zambiri za iye koma pa kuvina palibe chomwe ndingachotsepo. Akazi anaimirira, nthungululu mpaka malata kulira. Amuna ambiri anangoyang'ana m'mabotolo awo. Ine ndinaimirira nawo, kenako ndinaona mayi wina wa ku tchalitchi kwathu ali phee pakona, chikwama pamiyendo, maso ali pa iye kenako pa ine, ndipo ndinakhala pansi. Pasanapite nthawi anthu anabwera kuchokera ku Ipusukilo ku Kitwe kudzamupempha kuti akawaphunzitsire ana awo.

Nthawi yomweyo minibasi inayamba kudwala. Lero giya yakana, mawa yatentha pa msewu wa ku Kitwe, mkuja apolisi aigwira. Amuna anga anayamba ndi dalaivala, kuti akuba mafuta, n'kumuchotsa. Anabwera pa makanika, kuti akuchotsa zitsulo zabwino n'kuikamo zakutha. Kenako neba wathu, amene ankakonda kusesa pafupi ndi matayala m'mamawa. Onsewo atatha galimoto inali ikudwalabe, ndipo mayi wa chikwama uja anali atafika kale kwa amayi abusa. Masiku amenewo nkhani za satana zinali paliponse. Ankati kuli anthu opita pansi pa nyanja kukatenga katundu, n'kulipira ndi magazi a abale awo. Nanga minibasi yathu sinadzere pa nyanja? Amuna anga anadikira mlongo wanga atapita ku Kitwe kukaphunzitsa, n'kutembenuza matiresi ake.

Anapeza buku lija, anabwera nalo atalipana ndi nyuzipepala, n'kuliponya patebulo. Anati iwo apirira zambiri. Anapirira kusekedwa pa siteshoni, anapirira kumva za milomo kuchokera kwa anthu akunja, koma galimoto imeneyi ndi zaka zawo zonse za ku mgodi, ndipo sangaione ikudyedwa ndi chiwanda chogona pansi pa matiresi m'nyumba mwawo. Anali atakaonana kale ndi abusa, ndipo Loweruka abwera ndi akulu a mpingo awiri kudzaliona bukulo.

"Akanena kuti ndi zomwe ndikuganizazi, mlamu akwera ya ku Katete Lolemba," anatero. "Amake ana, musandiyese woipa. Kapena achoke iye, kapena tife tonse ndi njala m'nyumba muno."

Ndinawayankha zambiri zomwe sindingalembe pano. Koma nyumba inali m'dzina lawo, ndipo ndinkadziwa chomwe chikamuchitikire ku Katete munthu wosadziwa kugwira khasu, woseka ataphimba pakamwa. Kuno anali ndi maukwati, anali ndi akazi omuimbira nthungululu, anali ndi ine. Kumeneko akanakhala choseketsa cha mudzi wonse mpaka kukalamba.

Bukulo analitsekera mu kabati ya mbale, kuiwala kuti kiyi wina ndimasunga ine. Lachisanu masana, iwo atapita kukasaka zitsulo ku magalaja, ndinalitulutsa. Musaganize kuti ndinalitsegula ndili ndi chikhulupiriro mwa mlongo wanga. Ndinkafuna kudzionera ndekha, chifukwa nanenso chinkandivuta chinali chomwecho, munthu wakufa, magazi ponseponse, n'kudzuka milomo ili psuu. Abusa akadzaona zimenezo sadzafunanso umboni wina. Ndinalinunkhiza. Ndinaligwedeza kuti mwina mugwa tsitsi la munthu kapena kachikopa. Munagwa mchenga basi.

Ndiye chala changa chinachita zomwe chinazolowera mu ofesi zaka zonse zija, kupita pakona ya tsamba. Munthu wa mafayelo sayamba ndi kuwerenga kalata, amayamba ndi nambala. Panali timanambala, tathu tomwe timawerenga ife, tating'onoting'ono, osati pa tsamba lililonse. Ndinatsegula patsogolo pang'ono, nambala inachepa. Ndinapitanso, inachepanso. Ndinati kapena ndi maso angawa, n'kupita nalo pakhomo pa dzuwa. Manambala ankatsika ndithu mpaka kukafika ku chikuto cha mitundu chija, chomwe tinkati anachiika kolakwika.

Ndinalitembenuza n'kuyambira komwe eni ake amayambira, tsamba lililonse kuchokera kumanja. Munthu uja akulowa ali pamwamba pa mpanda, duwa kumanja, akuseka. Anthu akumuloza zala. Nkhondo ikubwera, oloza zala aja agwa, iye akumenya yekha. Akukumbatira kamnyamata, ndipo mikondo yomwe inali ya kamnyamatako ikumulowa iye kumsana. Akugwa. Olira aja, nditawayang'anitsitsa nkhope, anali omwe aja omuseka. Nkhani sinadumphenso paliponse. Ndinakhala pa sitepe nthawi yaitali ndipo ndinalira, ine munthu wouma maso pa maliro a anthu enieni. Kenako ndinapukuta nkhope ndikusangalala, chifukwa ndinali nditapeza chomenyera nkhondo. Palibe wakufa amene anadzuka m'buku limeneli. Mlongo wanga anafika Loweruka alendo atakhala kale, moti mpata womuuza sindinaupeze, komanso sindinaone chifukwa chomuuzira. Ndinkayesa ndamukonzera mphatso.

Alendo anafika masana, fotini awazi. Abusa athu sanali munthu wopusa kapena wankhanza. Anagwirapo ntchito pansi pa mgodi, ndipo chaka chimenecho ankapita kumanda kawirikawiri kuposa ku maukwati, moti ankaopa chilichonse. Bukulo analigwira ndi mpango. Anatsegula monga tonse tinkatsegulira, anayang'ana mtembo, anayang'ana munthu ataima, anafika pa duwa lija, n'kuliika pansi pang'onopang'ono. Anati safunika kudziwa Chijapani kuti azindikire chimene chimadzuka kwa akufa chitavala nkhope ya mkazi. Anafunsa mlongo wanga ngati amalankhula nacho chinthucho, ngati chimamubwerera kutulo, ngati chinamupemphapo kanthu. Iye anali pa kampando pafupi ndi chitseko, manja pakati pa mawondo, ndipo ankangoyankha kuti iyayi, abusa. Atamufunsa chifukwa chomwe ankavalira ngati chimenecho, anangoweramitsa mutu. Amuna anga anayang'ana kudenga, ndipo ndinaona kuti Katete wafika.

Ndinagwada monga mwa mwambo, ngakhale miyendo inkafuna kuchita zina, n'kupempha kuti ndilankhuleko. Ndinaonetsa timanambala tija. Mkulu wina wa mpingo, yemwe kale anali wa maakaunti, anavala magalasi n'kutsatira ndi chala, tsamba ndi tsamba, kufuna kundigwira bodza. Anavomera kuti manambala akutsika. Anatembenuza buku, ndipo amuna anayi aja anasonkhanitsa mitu pamodzi ngati ana a sukulu, kuyambira pa mpanda mpaka pa magazi. Abusa anafika tsamba lomaliza, anabwerera m'mbuyo pang'ono, anafikanso.

"Ndiye kuti amafa," anatero.

Ndinati inde, koma aone chimene wafera, aone kamnyamata kaja, aone omwe akulirawo kuti ndi ndani. Abusa anagwedeza mutu mokoma mtima, nati zoona amayi, ngakhale iwo amalira pa maliro a anthu osamvera. Nkhope yawo inali itamasuka. Anaika mpango m'thumba n'kuligwira bukulo ndi manja. Anati taonani, ngakhale anthu a kutsidya kwa nyanja akudziwa komwe njira yotere imathera. Limeneli si buku la ziwanda, ndi chenjezo, ndipo mnyamatayu cholakwa chake n'choti analiyambira kolakwika. Akhale pakhomo, amete tsitsi, asiye zodzola za alongo ake, ndipo bukulo asunge, aziliwerenga mpaka kumapeto kwake kwenikweni. Za galimoto, mkulu wa magalasi uja anati ali ndi mphwake wodziwa magiya ku Kitwe.

Ndinkafuna kukuwa kuti si zimene ndimatanthauza. Koma mlandu ndinali nditawina, ndipo wowina mlandu satsutsana ndi woweruza. Ndinatseka pakamwa panga, chinthu chomwe amuna anga amati anachiona kamodzi kokha m'banja lathu. Iwo anapuma mpweya waukulu, anamugwira mlamu wawo paphewa, ndipo ndinazindikira kuti nawonso sankafuna kumuthamangitsa, anali ndi mantha chabe. Anthu anamwa tiyi ndi mabanzi, anapemphera, anapita.

Ndinamupeza kuseri pa mpopi akutsuka makapu. Ndinabwera ndikuyembekeza zikomo, sindibisa. Iye sanatembenuke.

"Asisi, manambala aja ndi oona, kapena munangowapusitsa?"

Ndinati ndi oona.

"Ndiye kuti sadzuka."

Ukali unandikwera nthawi yomweyo. Ndinamufunsa ngati akanakonda Katete, ngati akudziwa kuti ndagwada pamaso pa amuna anayi chifukwa cha iye. Ndinati zimenezo ndi zojambula chabe, inki ndi pepala, za anthu omwe sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Chifubu. Ndinamuuzanso kuti munthuyo wafa imfa ya ulemu, onse omuseka akumulira, nanga akufunanso chiyani. Iye anatsukuluza kapu yomaliza n'kuivundikira pa thireyi.

"Ndaona, asisi. Amulira atagona pansi."

Kenako anati zikomo, ndipo ananena mochokera pansi pa mtima. Zinandipweteka kuposa akanandinyoza.

Lolemba, m'malo mokwera ya ku Katete, anakameta kumsika. Anakhala nafe zaka zambiri, mpaka atapeza kachipinda kake ku Kitwe. Layinapu anapitiriza kuphunzitsa, ali pambali, atavala malaya oyera wamba, ndipo lipisitiki yanga inayamba kukhalitsa. Makaponya akamutsanzira ankangodutsa msanga. Mphwake wa mkulu uja anakonza giya, galimoto inayenda miyezi ingapo, kenako injini inafa yokha popanda womuganizira, ndipo minibasi inakhala pa miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala.

Masiku ano adzukulu anga amaonera makatuni a ku Japan pa foni, ndipo ndinadzapeza kuti mwamuna wa m'buku uja sanali yekha. Alipo ambiri a mtundu wake, wina woipa, wina woseketsa, wina wamphamvu kuposa onse, koma kasekedwe ndi kaja komwe, dzanja pakamwa. Akangotulukira ndimasiya zomwe ndikuchita n'kuima kumbuyo kwa ana, ndikufunsa kuti ameneyu amuchita chiyani kumapeto. Ana amati agogo mwayambanso, dikirani muone. Ine sindiwakhulupirira ojambulawo mpaka katuni ithe.

Tsiku lina masana, mlongo wanga asanasamuke, ndikupita kukayanika zovala ndinamuona m'minibasi muja, pa mpando wakumbuyo womwe uja, buku lili pamiyendo. Analitsegula monga tinkatsegulira kale, tsamba la magazi lili loyamba. Pakamwa panga sipadikira mutu, choncho ndinagogoda pawindo n'kumuuza kuti waliyambira kumbuyo.

"Ndikudziwa, asisi," anatero osadzutsa mutu. "Ine ndimayambira kuno."

Ndinapita kukayanika zovala zanga.